Kodi mumadziwa? Proxy amanyamula uthenga osauwerenga

Munthu akatsegula tsamba la banki pa kompyuta ya mu ofesi pa boma la Phalombe, nthawi zina uthenga wake umadutsa kaye pa makina apakati otchedwa proxy. Kompyutayo imatumiza pempho lotchedwa CONNECT, kutchula dzina la tsambalo ndi khomo 443. Proxy akayankha kuti 200, njira yatseguka. Kuyambira apo amangopatsira uthenga wobisidwa uku ndi uku, ngati wakabaza wonyamula kalata yomata kuchokera ku Migowi kupita ku Chiringa: akudziwa kopita, koma zam'kati sakuziona.

Vuto limabwera poti HTTP, chilankhulo chimene makinawa amalankhulirana, ili ndi mibadwo. Mu HTTP/1.1 njira imodzi imatenga kulumikizana konse kwa TCP. HTTP/2, ya mu 2015, imalola njira zambiri kuyendera limodzi m'kulumikizana kumodzi, koma kachidutswa kamodzi ka uthenga kakatayika panjira, zonse zimaima kudikira. HTTP/3, ya mu 2022, imayendera QUIC m'malo mwa TCP, ndipo njira yokhayo imene yataya kachidutswa ndiyo imaima. Kumene netiweki imadukaduka, monga nthawi ya mvula yamkuntho, kusiyana kumeneku n'kwakukulu ndithu.

Ndiye proxy amene walandira mu HTTP/2 n'kutumiza mu HTTP/1.1 ayenera kumasulira ngakhale kutsazika kwenikweniko: mbali ina ikatseka kanjira kake, iye atseke kulumikizana kwa mbali inayo. Akapanda kutero, makina amadzaza ndi njira zakufa mpaka kuyamba kukana anthu ena.