Geni ya jimu: mpamba upite ku makina kapena ku zitsulo wamba?

Mukayenda madzulo m'misika ya ku Chileka kapena kutsika ndi msewu wa M1 kudutsa pa Lunzu mpaka pa Lirangwe, simulephera kumva kulira kwa zitsulo kuseri kwa golosale kapena m'kampanda ka udzu. Ndi anyamata onyamula zitsulo: akabaza, aganyu osenza matumba, alonda, osewera mpira ndi ena ofuna thupi lioneke pa chinkhoswe. Kale ankangosonkherana ya simenti n'kuumba okha zonyamula. Lero mwini malo amalipiritsa pakhomo, ena patsiku ena pamwezi, ndipo imeneyi yasanduka geni ngati ya shoo ya kanema kapena tebulo la pulu.

Funso lomwe limavutitsa oyamba geniyi ndi loti mpamba auike pati. Anyamata amaona pa Facebook ndi TikTok majimu a m'tauni muli makina aatali a nsanamira ziwiri, mpiringidzo ukutsetsereka pakati, ndiye amamuuza mwini jimu kuti popanda amenewo asamukira kwina. Makinawa amatchedwa Smith machine. Anayamba ku America m'zaka za m'ma 1950: nzeru inali ya Jack LaLanne, koma dzina linatengedwa kwa Rudy Smith yemwe ankayang'anira jimu ina ku Los Angeles ndipo anawakonzetsa bwino kuti azigwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Mpiringidzo unamangiriridwa ku nsanamira ziwirizo moti umangokwera ndi kutsika, sungapendekere kumanja kapena kumanzere. Uli ndi ngowe zomwe munthu akatopa amangopotoza dzanja n'kukoleka. M'munsi muli zotchingira zosuntha, zoti chitsulo chiimirepo chisanamufike pakhosi. Ndiye chifukwa chake ongoyamba kumene, achikulire ndi amayi ambiri amamasuka nawo: sipafunika mnzako woima kumutu kuti akulandire.

Zitsulo wamba, zija za mpiringidzo wosamangirira ndi timadambelo ta m'manja, zimafuna kuti thupi lenilenilo ligwire katunduyo asagwere mbali. Minofu ya m'chiuno, ya pamimba ndi ing'onoing'ono ya m'mapewa imagwira nawo ntchito. Kwa waganyu yemwe mawa akasenza thumba la simenti la makilogalamu 50 kuchokera pa lole, mphamvu yofunika ndi imeneyi, chifukwa thumba lilibe nsanamira zolilondolera njira. Munthu wozolowera makina okha amadabwa akagwira mpiringidzo wamba wolemera chimodzimodzi n'kuona ukumuvinitsa. Makina ena anaikidwanso zopepuza mkati, moti mpiringidzo wake sufika makilogalamu 20 a mpiringidzo wa pampikisano. Mnyamata akamadzitama ndi manambala a pamakina, muchotsereni pang'ono.

Koma inu a geni nkhani yanu ndi ndalama, tsono tiyeni tiwerenge.

Makina amodzi amagwiritsidwa ntchito ndi munthu mmodzi pa nthawi. Makasitomala a jimu ya kumudzi safika tsiku lonse, amathithikana m'mamawa ndi pakati pa 5 ndi 7 koloko madzulo akaweruka. Tiyerekeze kuti mwalandira anthu khumi nthawi imeneyo. Ngati mpamba wonse unathera pa makina, asanu ndi anayi angokhala pakhonde kucheza, ndipo sabata yamawa ena sabweranso. Ndalama yomweyo ikagula mipiringidzo itatu, mabenchi awiri ndi madambelo angapo, onse khumiwo atuluka thukuta nthawi imodzi. Musanagule chida chilichonse, gawani mtengo wake ndi ndalama yomwe munthu mmodzi amalipira patsiku. Yankho lake ndi chiwerengero cha makasitomala ofunika kuti chidacho chibweze, lendi ndi magetsi tisanawerengere.

Makina enieni amachokera kunja, makamaka ku China ndi ku South Africa, choncho mtengo wake umatsata dola, msonkho wa pachipata ku MRA ndi transipoti. Aliyense woitanitsa katundu akukumbukira momwe zinthu zinadumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bering'i kapena chingwe chikatha, simukachipeza pa hadiweya ya pa Lirangwe. Ndipo dera lathuli n'lafumbi. Fumbi la mu Okutobala likasakanikirana ndi girisi pansanamira, mpiringidzo umayamba kukakamira mbali imodzi, chimene chili choopsa kuposa kusakhala ndi makinawo. Amafuna kupukuta tsiku ndi tsiku ndi denga losadontha. Yezaninso chipinda: makina ambiri amatalika pafupifupi mamita awiri kapena kuposerapo, ndipo mpiringidzo wa pampikisano ndi wa mamita 2.2, kupatula malo oimapo wolowetsa zolemera mbali zonse. Zipinda zambiri za lendi m'misika mwathu n'zopapatiza kuposa pamenepo.

Ena amathamangira kwa owotcherera ku Ndirande kapena pamsika pomwepo kuti awapangire makina otengera chithunzi cha pafoni. Amisiri athu ndi aluso, mabenchi ndi mphanda zokhazikapo mpiringidzo amapanga zolimba. Koma pa makina otsetserekawa ine ndimakayika. Nsanamira ziwirizo zikangosiyana pang'ono kuongoka, mpiringidzo umagwira pakati pa ulendo munthu ali pansi pake, ndipo sangautayire kumbali monga angachitire ndi wamba. Ngati mwalimbikira, uzani mmisiri aike zotchingira zochindikala, ndipo muwayese ndi katundu woposa yemwe kasitomala wanu wamphamvu anganyamule, popanda munthu pansi.

Zolemera za simenti ndiye poyambira potsika mtengo. Konkire wouma amalemera pafupifupi makilogalamu 2.4 pa lita, ndiye kuti chitini cha penti cha malita 5 chimatulutsa pafupifupi makilogalamu 12, ndipo chigoba cha malita 20 chimayandikira 48. Boolani paipi kumapeto mulowetse misomali ikuluikulu kapena tizidutswa ta waya kuti konkire agwire, ndipo muzithira madzi kwa sabata yathunthu musanalole aliyense kunyamula. Paipi ikhale yochindikala, yopyapyala imapindika. Vuto lalikulu ndi loti mbali ziwiri sizifanana kulemera, ndipo izi zimapweteketsa phewa pang'onopang'ono. Bwerekani sikelo kwa ogula nandolo, muyeze chilichonse, mulembepo nambala ndi penti. Kasitomala amakonda kudziwa kuti mwezi watha ankanyamula 40 lero wafika 50, ndipo chimenechi chimamubweza kuposa wailesi yaphokoso.

Chitsulo chimalemera kuposa konkire katatu ndi kupitirira, choncho mafulaiwilo ndi madiramu a mabuleki a galimoto zakutha amatenga malo ochepa ndipo sasweka msanga akagwa. Pogula kwa a zitsulo zakutha funsani kumene zachokera. Chidutswa cha njanji, chitsulo cha pansanja za ESCOM kapena paipi ya a Water Board zikapezeka mujimu mwanu, apolisi sakamva zoti munagula osadziwa, ndipo katundu yense akagona ku polisi pamodzi ndi inu.

Ogula mbale zachitsulo za m'sitolo ku Limbe kapena za kaunjika, samalani ndi bowo. Pali za bowo la mamilimita 50 ndi za pafupifupi 25. Anthu amagula mbale kwa uyu, mpiringidzo kwa uyo, akafika kunyumba sizikulowana. Nyamulani tepi poyenda.

Sindikunena kuti makina alibe malo. Jimu ya pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka, komwe kuli anthu a pamwezi ndi amayi ofuna kuchepetsa thupi, ikhoza kukweza mtengo wa pakhomo chifukwa cha makinawo, ndipo angabweze. Koma akhale ogula ndi phindu la chaka chachiwiri, osati ndi ngongole ya banki m'khonde yomwe ikufuna kubwezedwa mwezi wamawa. Pa Lirangwe, pomwe ambiri amalipira tsiku lomwe apeza ganyu, ndingayambe ndi mphanda zolimba zokhala ndi zitsulo zopingasa m'mbali zolandira mpiringidzo ukamugonjetsa munthu. Zimateteza pafupifupi ngati makina aja pa mtengo wa mmisiri wa pamsika.

Chotsala ndi lamulo la pakhomo, ndipo silifuna ndalama: wina asagone pabenchi kukankha chitsulo ali yekha m'chipinda, ngakhale akhale kasitomala wakale chotani. Lilembeni pakhoma pafupi ndi chiphaso cha bizinesi chomwe mukatenge ku khonsolo ya boma la Blantyre, pamalo poti wolowa aliyense aone.