Za Galu Wakudya Dothi

Inu eni mabanja, amene muweta galu kuti alonde nyumba ndi khola usiku, ndi kupirikitsa anyani kumunda, kapena mwaonapo galu wanu alikukanda pansi ndi kumeza dothi monga ngati chakudya. Ena akaona chotero angoseka, nati, "Ndiwo makhalidwe a agalu." Ena amtema mwala. Koma makolo athu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mawu awa ali oona pa nkhani iyinso. Galu alibe pakamwa ponenera kuti wadwala. Chifukwa chake nkoyenera kuti mwini wake apenyetsetse machitidwe ake, nazindikire pamene pali choopsa ndi pamene palibe.

1. Pamene palibe choopsa

Kagalu kakang'ono kalawa chilichonse, monga achitira mwana wokwawa, ndipo kakakula kaleka. Galu wamkulu nayenso anyambita pansi pamene panatayikira msuzi, kapena mwazi wa mbuzi, kapena madzi otsukira mbale pansi pa thandala. Chimene atsata ndi fungo la ndiwo. Akachita chotero kamodzikamodzi, ali wonenepa, wa ubweya wosalala ndi wokonda kudya, musavutike mtima.

2. Galu wochita chizolowezi

Koma galu amene adya dothi tsiku ndi tsiku, nakumba pachulu kapena kunyambita khoma, ameneyo muyambe mwamfunira zifukwa zitatu.

Choyamba ndi njala. M'midzi yambiri galu alandira nkhoko ndi madeya okha, ndipo izi zidzaza mimba koma sizimanga thupi kapena kupanga mwazi.

Chachiwiri ndi njoka za m'mimba. Pali mtundu wina wa tinjoka tating'ono, tosapitirira masentimita 2, tokhala ndi mano pakamwa. Tiluma m'kati mwa matumbo ndi kuyamwa mwazi usana ndi usiku. Galu wochepa mwazi kawirikawiri alakalaka dothi, monganso muona pa amayi ena apakati amene mwazi wao wachepa.

Chachitatu ndi nkhupakupa ndi nthata. Izi ziyamwa mwazi kunja kwa thupi, ndipo nkhupakupa zilowetsanso tizilombo timene tiswa mwazi m'kati. Galu wotere atentha thupi, afooka, ndipo nthawi zina mkodzo wake ufiira.

Pofuna kudziwa, tukulani mlomo wa galu wanu wofatsa, muyang'ane nkhama zake. Za galu wamoyo zili zofiirira. Zikakhala zoyera mbuu, mwazi wachepa. Onaninso chimbudzi chake: chikakhala chakuda bii ngati phula, galuyo alikutaya mwazi m'matumbo.

3. Chimene dothi lichita m'mimba

Dothi silichiza nthenda imene yamdyetsa galu dothilo, koma liwonjezerapo zina. Pali njoka zina zazikulu zoyera, zofika masentimita 18, zimene zitupitsa mimba za tiagalu. Yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira 200,000 pa tsiku. Mazirawo atuluka ndi chimbudzi, akhwima m'nthaka patapita masabata 2 kufikira 4, ndipo akhala amoyo zaka, angakhale maso sawaona. Chotero galu wakudya dothi la pabwalo adzibwezera yekha njoka zimene anataya.

M'nthaka mukhalanso nthenda yoopsa ya tiagalu yotchedwa parvo, imene inadziwika m'chaka cha 1978. Kagalu kasanza ndi kutsegula m'mimba mwa mwazi, ndipo tambiri tifa m'masiku owerengeka. Pamalo pamene kanadwalira, nthendayo itsala m'dothi miyezi yambiri. Kuwonjezera apo, mchenga ndi timiyala zitseka matumbo ndi kuthyola mano. Ndipo dothi la pamene munasakanizira mankhwala opopera mbewu, kapena pamene munatchera mankhwala a makoswe, lipha msanga.

4. Kumbukirani ana anu

Pabwalo pamene galu adzithandizira ndi pomwepo mwana wanu akwawa, natola dothi kuika m'kamwa. Mazira a njoka zoyera zija akalowa mwa mwana aswa, ndipo timphutsi take tiyendayenda m'thupi, kufika kuchiwindi, kumapapo, pena ndi m'diso momwe, kotero kuti diso likhoza kuchita khungu. Timphutsi ta tinjoka ta mano tija tiboola khungu la woyenda wopanda nsapato kapena wokhala pa dothi lonyowa, ndipo muona kamzere kofiira kokhotakhota, koyabwa kwambiri, pa phazi kapena pa matako a mwana. Potero nthenda ya galu wanu ili nthenda ya pakhomo panu.

5. Chenjerani ndi chiwewe

Ichi ndicho chachikulu koposa zonse. Galu wachiwewe ameza zinthu zosadyedwa: dothi, miyala, timitengo, nsanza. Tsono ngati galu amene sanali kutero ayamba mwadzidzidzi, ndipo makhalidwe ake asandulika, wofatsa asanduka waukali, mawu ake asasa, dovu lituluka, chibwano chilendewera, aluma chilichonse chimene akomana nacho, musatukule mlomo wake, ndipo musapise dzanja m'kamwa mwake poyesa kuti watsamwa fupa. Chotsani ana ndi ziweto, mtsekereni m'kati ngati nkotheka popanda kumgwira, ndipo tumizani mawu kwa mlangizi wa ziweto ndi kwa mfumu.

Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo, lingakhale bala lili laling'ono. Katemera wa chiwewe alipo kuyambira chaka cha 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa naye mnyamata wolumidwa ndi galu. Koma katemerayo athandiza wofika msanga, pakuti zizindikiro zikayamba kuoneka mwa munthu, mankhwala ochiza palibe.

6. Zimene muyenera kuchita

Mdyetseni galu tsiku lililonse, ndipo pa nsima yake muikepo usipa, matemba, mitu ya nsomba, dzira lophika kapena zotsala za nyama zophika. Musampatse ndiwo zochuluka anyezi, pakuti anyezi awononga mwazi wa galu. Madzi oyera akhale pafupi nthawi zonse.

Funsani mlangizi wa ziweto mankhwala a njoka. Tiagalu tambiri titenga njoka kwa make tisanabadwe kapena poyamwa. Chifukwa chake tiyambe kumwa tili ndi masabata 2, ndi kubwereza masabata 2 alionse kufikira tikwanitse miyezi 3. Pamenepo mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6. Galu wamkulu amwe miyezi 3 iliyonse. Msambitseni ndi mankhwala a nkhupakupa oyenera agalu, potsata muyeso umene mlangizi anena. Mbayitseni katemera wa chiwewe akafika miyezi 3, ndipo pambuyo pake chaka ndi chaka. Funsaninso za katemera wa parvo.

M'mawa uliwonse wolani chimbudzi cha galu ndi khasu mazira asanakhwime, mukachitaye m'dzenje lakuya ndi kufotsera. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Mankhwala a mbewu ndi feteleza zikhale pamwamba, m'nyumba yotseka.

Musamenye galu chifukwa cha kudya dothi, pakuti ndodo sichotsa njoka, ndipo galu womenyedwa angopita kukadyera kuseri. Mulungu anaika ziweto m'manja mwa munthu kuti azisunge bwino. Galu uyu agona pakhonde panu pa mphepo ya mwezi wa June kulonda mbuzi zanu ndi nkhokwe yanu. Tsono inu muyang'ane nkhama zake lero lomwe, ndipo zikakhala zoyera, musadikire mawa kukaonana ndi mlangizi.