Mavitamini a maso: safunsa anadya phula

Ndalama ya mpunga ndi thonje ikayamba kulowa m'matumba, amalonda nawo sagona. Mwa zinthu zimene zikugulidwa masiku ano muli timabotolo ta mavitamini tojambulidwa diso pachikuto. Tina timapezeka m'mafamase, tina m'zikwama za anthu oyenda khomo ndi khomo, ndipo tina amatumiza ndi ana athu amene ali ku Joni atamva kuti agogo kumudzi sakuonanso bwino. Wogula amangouzidwa kuti mankhwalawo amatsuka maso.

Alimi anzanga a ku Lifuwu, Senga Bay, Chipoka, Khombedza ndi madera onse a m'mbali mwa nyanja, musanamasule kathumba ka ndalama, tiyeni timve kaye kuti mapiritsi amenewa anapangidwira matenda anji, amathandiza ndani, ndipo amavulaza ndani.

Matenda ake ndi otani?

M'kati mwa diso, chakumbuyo, muli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala. Madokotala amakatcha retina. Pakati pa kansaluka pali kadontho kachikasu, kukula kwake ngati njere ya nandolo, kotchedwa macula. Kadonthoka ndiko kamatithandiza kulowetsa ulusi pa singano, kusoka ukonde, kuwerenga nambala pa sikelo ya wogula thonje ndi kuzindikira nkhope ya munthu ali poteropo.

Kwa anthu ena, makamaka opitirira zaka 55, kadonthoka kamayamba kufooka. Awa ndiwo matenda amene pa Chingerezi amati macular degeneration. Wodwala amaona zinthu za m'mbali, koma pakati penipeni pamene akuyang'ana pamakhala chimbuuzi kapena mdima. Mizere yowongoka, monga ya njerwa pakhoma, imaoneka yokhotakhota. Diso silipweteka ndipo silifiira.

Matendawa alipo a mitundu iwiri. Wina umayenda pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Wina ndi waukali: timitsempha tachilendo timamera pansi pa kansalu kaja n'kumadontha magazi kapena madzi, ndipo munthu akhoza kusiya kuona pakati m'masabata ochepa. Mtundu wachiwiriwu chithandizo chake ndi jakisoni wa m'diso wobayidwa ndi dokotala wa maso. Mavitamini sauchiza.

Chofunika kudziwa n'chakuti matenda a macula akafika poipa amapezeka kwambiri mwa azungu kusiyana ndi mwa anthu akuda. Kuno kwathu chimene chimachititsa khungu anthu achikulire ambiri ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosatenga nthawi, munthu n'kuonanso. Palinso glaucoma, imene imapha mtsempha wa diso mwakachetechete, ndi kuonongeka kwa maso chifukwa cha matenda a shuga. Ena amene akulephera kuwerenga Baibulo kapena Korani atapitirira zaka 40 amangofunika magalasi owerengera basi. Pa onsewa, botolo la mavitamini a macula silithandiza kanthu. Choopsa n'chakuti munthu wa glaucoma akhoza kutha chaka akumwa mavitamini, mtsempha ukufa, ndipo ukafa sudzukanso.

Kumene mapiritsiwa anachokera

M'dziko la America muli bungwe la boma loona za maso lotchedwa National Eye Institute. Bungweli linachita kafukufuku wamkulu wotchedwa AREDS pa anthu a zaka 55 mpaka 80, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Anthu ena ankapatsidwa tsiku ndi tsiku vitamini C wokwana mamiligalamu 500, vitamini E wokwana mayunitsi 400, beta-carotene mamiligalamu 15, zinki mamiligalamu 80 ndi kopa mamiligalamu 2. Ena ankapatsidwa mapiritsi opanda kanthu kuti pakhale poyerekezera.

Anapeza kuti mwa anthu 100 amene matenda awo anali atafika kale pakatikati, 28 anafika poipa m'zaka 5 ngati sankamwa mavitaminiwo, pamene mwa omwa anafika poipa ndi 20. Phindu lilipo ndithu, koma taonani malire ake. Mapiritsiwo anangochedwetsa matenda mwa anthu ena. Sanabwezere maso amene anali atatayika kale. Sanateteze anthu a maso abwino kapena amene matenda anali atangoyamba kumene. Ng'ala sanaiteteze konse.

Kafukufuku wachiwiri, AREDS2, zotsatira zake zinatuluka mu 2013 ndipo munali anthu 4,203. Mmenemo anayesa kuchotsa beta-carotene n'kuikamo lutein mamiligalamu 10 ndi zeaxanthin mamiligalamu 2. Anapeza kuti kusakaniza kwatsopanoku kumagwira ntchito bwinobwino. Chifukwa chimene anafunira kuchotsa beta-carotene ndicho mlimi aliyense wosuta fodya ayenera kumvetsetsa.

Walira mvula walira matope

Mu 1994 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Finland pa abambo osuta fodya opitirira 29,000. Amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka ndi 18 peresenti kuposa anzawo osamwa. Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa CARET anaimitsidwa mu 1996 nthawi yake isanakwane atapeza zofanana. Mu AREDS2 namo, ngakhale anthu osuta sanapatsidwe beta-carotene, khansa ya m'mapapo inachuluka pafupifupi kawiri mwa amene ankamumwa, ndipo ambiri mwa odwalawo anali anthu amene anasiya fodya kale. Choncho ngati mumasuta ndudu kapena chingambwe, kapena munasutako kale, werengani pachikuto. Mukaona mawu akuti beta-carotene, botololo libwezeni pa alumali. Mabotolo a kasakanizidwe kakale aja akugulitsidwabe. Beta-carotene wambiri amathanso kusandutsa khungu kukhala lachikasu, makamaka m'manja, ngakhale zimenezi zimatha munthu akasiya kumwa.

Chachiwiri ndi zinki. Thupi la bambo limafuna mamiligalamu pafupifupi 11 patsiku, la mayi 8. Mapiritsi a maso ambiri amakhala ndi 80. Zinki wochuluka chonchi amachititsa nseru ndi kupotokola m'mimba, makamaka akamwedwa munthu asanadye. Amatsekerezanso kopa kulowa m'thupi, ndipo kopa akachepa magazi amachepa. N'chifukwa chake m'mapiritsi enieni amaikamo kopa. Mu kafukufuku woyamba uja, anthu omwa zinki anagonekedwa m'chipatala kawirikawiri chifukwa cha mavuto a njira ya mkodzo kuposa anzawo.

Pali nkhani ina ya zinki yotikhudza kwambiri ife Amalawi. Kuyambira 2019 anthu ambiri amene ali pa ma ARV amalandira mankhwala okhala ndi dolutegravir. Zinki, ayironi, kashiamu ndi magineziyamu zikakumana ndi mankhwala amenewa m'mimba zimawagwira kuti asalowe bwino m'magazi, ndipo kachilombo kakhoza kupeza mpata. Malangizo ake ndi akuti pakhale kutalikirana kwa maola angapo pakati pa ziwirizi, ndipo wokuuzani maola ake ndi wachipatala amene amakupatsani mankhwala. Zinki amasokonezanso mankhwala opha tizilombo monga ciprofloxacin ndi doxycycline.

Chachitatu ndi vitamini E. Akachuluka amachedwetsa magazi kuundana. Amene amamwa warfarin kapena aspirin tsiku ndi tsiku chifukwa cha mtima, ndi amene akuyembekezera opaleshoni, asamwe popanda kufunsa dokotala. Kafukufuku wotchedwa SELECT anapezanso mu 2011 kuti abambo amene ankamwa mayunitsi 400 a vitamini E tsiku ndi tsiku anadwala khansa ya prostate mochulukirapo, ngakhale a AREDS sanaone zotero mwa anthu awo. Vitamini C wambiri naye amatsegula m'mimba, ndipo si wabwino kwa munthu amene anavutikapo ndi timiyala ta mu impso.

Mapiritsiwa ndi a akuluakulu. Musawasokoneze ndi kapisozi wa vitamini A amene ana osakwana zaka 5 amalandira ku sikelo miyezi 6 iliyonse. Amayi oyembekezera asamwe mavitamini ogula okha, chifukwa vitamini A wa m'mapiritsi akachuluka amaononga mwana m'mimba. Botolo lizikhala pamene ana sangafikire.

Za kudimba ndi kunyanja

Lutein ndi zeaxanthin, zimene akatswiri anaika m'mapiritsi atsopano, ndizo zimapatsa kadontho ka macula mtundu wachikasu uja, ndipo zimakatchinjiriza ku kuwala koononga. Thupi silizipanga lokha. Timazipeza mu chakudya, ndipo nkhokwe yake yaikulu ndi masamba obiriwira kwambiri. Kapu imodzi ya sipinachi wophika imakhala ndi lutein woposa mamiligalamu 10 a m'piritsi aja. Ife tili nazo ndiwo zathu za gulu lomwelo: bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, khwanya, chitambe, kholowa, chigwada, mpiru, repu ndi masamba a cham'mwamba. Masamba akabiriwira modera, ndiye kuti muli zambiri. Kabichi woyera wa m'kati ali ndi zochepa.

Dzina loti zeaxanthin linachokera ku dzina la chimanga m'chilankhulo cha sayansi, Zea mays, chifukwa imapezeka m'chimanga chachikasu. Ambiri timachinyoza chimangachi pokumbukira chimene chinkabwera nthawi ya njala, koma chimanga choyera chilibe zinthu zimenezi. Mizere ingapo ya chimanga chachikasu kapena cha olenji, chootcha ndi cha phala, singakusaukitseni. Kachikasu ka m'kati mwa dzira nakonso kali ndi lutein wolowa msanga m'thupi, makamaka mazira a nkhuku zoyenda zokha zimene zimadya msipu. Mazira onse asamathere kumsika.

Mbatata ya kholowa yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira, Mathuthu, Chipika ndi Anaakwanire, komanso maungu, mapapaya ndi mango amene amachita kuwolera pansi kuno ku Salima, zimapatsa thupi beta-carotene. Wosuta fodya asaope zimenezi. Ngozi ya khansa ija inaoneka ndi mapiritsi, amene amathira wochuluka nthawi imodzi tsiku ndi tsiku. Sinaoneke ndi chakudya.

Nyanja nayo ili ndi gawo lake. Kafukufuku m'maiko angapo waonetsa kuti anthu odya nsomba kawirikawiri sadwaladwala matenda a macula. Koma a AREDS2 atathira mafuta a nsomba otchedwa omega-3 m'mapiritsi, sanaone phindu loonjezera. Phunziro lake ndi lakuti tidye nsomba yeniyeni. Usipa, utaka ndi matemba zodyedwa zathunthu ndi mutu womwe zimapereka zinki, kashiamu ndi mafuta abwino pa mlingo umene thupi limakwanitsa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti Amalawi oposa theka amaperewera zinki, choncho mbale ya usipa yotsala pakhomo ili ndi ntchito yaikulu.

Kulima ndi kuphika kwake

Vuto lathu ndi lakuti masamba amachuluka nthawi ya dzinja, n'kusowa dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala ndi Novembala. Amene muli ndi dimba m'mbali mwa Linthipe, Lifidzi kapena m'madambo, patulani mabedi awiri kapena atatu a ndiwo za pakhomo. Mbewu ya bonongwe ndi yaing'ono kwambiri: isakanizeni ndi mchenga pofesa, thirani manyowa owola bwino, ndipo pakatha masabata 3 kapena 4 mwayamba kuthyola. Muzifesa bedi latsopano masabata awiri alionse kuti ndiwo zisadukize, ndipo siyani mitengo ingapo ikhwime kuti musunge mbewu. Cham'mwamba chimakonda kutentha kwa kunyanja kuno. Zikani nthambi zake ngati mpanda ndipo muzidula nsonga kuti chiphukire pafupi. Mankhwala a thonje asapoperedwe pa ndiwo zamasamba.

Pophika, kumbukirani kuti lutein amalowa m'thupi akatsagana ndi mafuta. Ndiwo zotendera nsinjiro, kapena zothira kasupuni ka mafuta ndi tomato, zimapindulitsa kuposa zongowiritsa ndi mchere. Musaphike mpaka masamba kuda. Soda ndi chidulo zimaononga vitamini C ndi mavitamini ena, choncho zichepe. Mfutso muziumitsa pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lachindunji limawaula masamba n'kuchotsa zofunikazo.

Tisanamizane: chakudya sichichiza macula amene anaonongeka kale, ndipo sichingafike pa mlingo wa zinki ndi vitamini E wa m'mapiritsi. Munthu amene dokotala wa maso wamuyeza n'kumuuza kuti matenda ake afika pofunika mapiritsi a AREDS2, amwe monga wauzidwira. Kwa ena tonse, dimba ndi nyanja n'zokwanira.

Zoyenera kuchita

Kusiya fodya kumaposa piritsi lililonse, pakuti wosuta amakhala pangozi ya matenda a macula kawiri kapena katatu kuposa wosasuta. Yezetsani shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kamodzi pa sabata, tsekani diso limodzi ndi dzanja, muyang'ane mphuthu ya chitseko kapena mizere ya njerwa, kenaka musinthe diso. Mizere ikaoneka yokhota kapena pakati pakachita mdima, pitani ku chipatala sabata yomweyo.

Poyambira ndi pa chipatala cha boma cha Salima. Pakafunika kupita patsogolo, pali zipatala za maso ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Nkhoma, ndi Lions Sight First ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Popita tengani mabotolo onse amene mukumwa, ndi a ku Joni omwe, dokotala akawaone. Mankhwala muzigula m'mafamase ovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti dziko la Malawi lagonjetsa trachoma, matenda a maso amene anavutitsa makolo athu. Zinatheka chifukwa matenda anadziwika dzina lake ndipo anapatsidwa chithandizo chake choyenera. Agogo akayamba kudandaula za maso chaka chino, ndalama ya botolo ikhale ya basi yopita nawo kukayezetsa, ndipo yotsalayo mugule mbewu ya ndiwo.