Kodi woponya mwamphamvu ndiye katswiri pa baseball?

Pa 24 September 2010, mumzinda wa San Diego ku America, mnyamata wa ku Cuba dzina lake Aroldis Chapman anaponya mpira umene unathamanga makilomita 170 pa ola. Ankasewera m'timu ya Cincinnati Reds. Mpaka lero, mu ligi yaikulu ya ku America yotchedwa Major League Baseball, makina oyezera liwiro sanaonepo mpira wina woposa umenewo. Ndiye ana inu mwina mwaganiza kale kuti Chapman ndiye woponya wabwino kuposa onse amene anakhalako. Koma mutafunsa anthu okonda masewerawa, ochepa zedi ndi amene angavomereze.

Tiyambe taona mmene bwalo limakhalira. Baseball amaikonda kwambiri ku America, Japan, Cuba, Dominican Republic, Venezuela ndi South Korea. Woponya amaima pa kachulu pakati pa bwalo. Mamita 18.44 kutsogolo kwake kumaima womenya, atagwira chibonga chamtengo ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta wowakha, atavala chotchinga kumaso ndi chikopa chochindikala kudzanja. Mpira wake ndi wolimba gwa, wolemera magalamu pafupifupi 145, wokutidwa ndi chikopa choyera chimene amachisoka ndi ulusi wofiira. Ulusi umenewo muukumbukire, tiupezanso kutsogoloku.

Pambali pa womenya pali bokosi losaoneka ndi maso. M'lifupi mwake ndi masentimita 43, ndipo limayambira m'mawondo mwa womenyayo kulekeza cha pachifuwa. Mpira ukadutsa m'bokosimo iye osaumenya, kapena akazunguza chibonga n'kuphonya, woimbira masewero amakuwa kuti strike. Zikakwana zitatu, womenya watuluka. Koma mipira inayi ikadutsa kunja kwa bokosi iye osaitsata, amangoponya chibonga pansi n'kuyenda ulere kupita pa malo oyamba, ndipo timu yake yayandikira kupeza pointi popanda kukhetsa thukuta. Mpira wotchuka wa Chapman uja, womenya wake anali Tony Gwynn Jr., unaphonya bokosi.

Nanga liwiro limathandiza chiyani? Limalanda nthawi. Mpira wothamanga makilomita 160 pa ola umafika kwa womenya pasanathe theka la sekondi. Yesani kunena "chimodzi" mofulumira, mpira wadutsa kale. M'kanthawi kameneko maso ayenera kuona mpirawo, ubongo uyerekeze kumene ukupita, munthu asankhe kumenya kapena kusiya, kenako manja azunguze chibonga, zimene nazonso zimadya nthawi yake. Choncho womenya sadikira kuti mpira ufike pafupi. Amasankha chochita mpira usanafike n'komwe, ndipo kwatsalako n'kungokhulupirira kuti waganiza bwino. Mipira iwiri itachoka nthawi imodzi, wina pa makilomita 160 wina pa 145, woyambawo pofika kwa wowakha unzakewo ungakhale udakali m'mbuyo ndi mita imodzi ndi theka. Kwa womenya, mita imodzi ndi theka ndi mtunda wautali kwambiri.

Kale kunalibe njira yabwino yoyezera zimenezi. Mu 1940 ku Chicago anachita kupikisanitsa mpira wa Bob Feller ndi njinga yamoto ya wapolisi, ndipo mpira ndi umene unayamba kufika. Cha m'ma 1970 mphunzitsi wina wa baseball pa Michigan State University, Danny Litwhiler, anaona makina amene apolisi amayezera liwiro la galimoto n'kuganiza zowalozetsa ku mpira. Kuyambira pamenepo, aliyense wofufuza osewera atsopano amayenda ndi makina akeake.

Tsopano mverani za Steve Dalkowski. Timu ya Baltimore Orioles inamulemba mu 1957, ndipo amene anamuona akuponya ankalumbira kuti sanaonepo mpira wothamanga ngati wake. Vuto linali lakuti ngakhale mwiniwakeyo sankadziwa kumene mpirawo ukagwere. Mu 1960, akusewera m'timu yaing'ono ya ku Stockton ku California, anatulutsa omenya 262 ndi ma strike atatu. Chaka chomwecho anayendetsa ulere omenya 262. Zimene ankapeza ndi dzanja lamanzere, pakuti anali wamanzere, ankazitayanso ndi dzanja lomwelo. Mu 1963, atangoyamba kuwongola kaponyedwe kake, anavulala chigongono, ndipo sanasewerepo ngakhale masewero amodzi a mu ligi yaikulu.

Greg Maddux anali wosiyana naye kutalitali. Mutakumana naye panjira atavala magalasi ake, mukanayesa ndi mphunzitsi wa masamu, ndipo anzake ankamutchadi Pulofesa. Ali mnyamata ankafika makilomita 150 pa ola, koma zaka zambiri mpira wake unkathamanga mocheperapo, ndipo atakula unatsika mpaka cha m'ma 135. Komabe kuchokera mu 1986 mpaka 2008 anapambana masewero 355, ambiri mwa iwo ali ku Chicago Cubs ndi Atlanta Braves. Mphotho ya Cy Young, imene amapatsa woponya wabwino koposa pachaka, anaitenga zaka zinayi zotsatizana, 1992 mpaka 1995.

Ankachita bwanji? Choyamba, mpira wake unkapita pamene iye wafuna. Wowakha akaika chikopa m'ngodya ya bokosi, mpira unkagwera momwemo, chikopa osasuntha. Chachiwiri, unkakhota. Womenya woima kumanzere ankaona mpira ukubwera molunjika m'chiuno mwake, iye n'kudumphira m'mbuyo kuti usamumenye, koma mpirawo pamapeto n'kukhotera m'bokosi. Strike! Womenya n'kungotsala kukamwa yasa. Chachitatu, Maddux ankawerenga anthu. Ankayang'ana mmene womenya waimikira mapazi, mmene wazunguzira chibonga pa mpira wapitawo, n'kudziwa chimene akuyembekezera, kenako n'kumupatsa china. Sankalimbikiranso kuti aliyense aphonye. Ankakondwa womenya akaukhudza mpira molakwika, n'kumangogubuduka pansi kupita kwa mnzake woima m'bwalo. Tsiku lina mu July 1997 anamaliza masewero onse athunthu ndi mipira yosakwana 80, pamene ambiri amadutsa 100 masewero asanathe.

Muyerekezeni ndi Nolan Ryan, chiphona cha liwiro cha ku Texas. Ryan anatulutsa omenya 5,714 ndi ma strike, ndipo palibe amene wayandikirapo chiwerengero chimenecho. Koma anayendetsanso ulere anthu 2,795, pamene Maddux anayendetsa 999 okha. Ryan anasewera zaka 27 n'kupambana masewero 324. Maddux anasewera zaka 23 n'kumuposa. Onse awiri ndi akatswiri, musamve ngati ndikunyoza Ryan, koma ine nditapatsidwa masewero amodzi oti ndisaluze zivute zitani, mpira ndingaupereke kwa Pulofesa.

Chinyengo chachikulu cha oponya amachitcha changeup. Woponya amaukankhira mpira mkati mwa chikhatho n'kuugwira ndi zala zambiri, m'malo mwa ziwiri zakutsogolo. Mwendo amanyamula chimodzimodzi, mkono amazunguza ndi mphamvu yomweyo, nkhope n'kuchita tsinya ngati akuponya ndi mtima wonse. Koma mpira umatuluka waulesi, wochedwerapo ndi makilomita 12 kapena 15 pa ola. Womenya amene anakonzekera wothamanga amazunguza chibonga mpira usanafike, nthawi zina mpaka kugwada nalo bondo limodzi. Atsikana amene mumasewera fulaye mukuzidziwa izi: woponya mwamphamvu nthawi zonse mumamuzolowera n'kumamuzinda mosavuta, koma amene amakulasani ndi uja wonamizira kuponya mwaukali, inu mwadumpha kale, iye n'kubweretsa mpira mochedwa pamene mukutera.

Tibwerere ku ulusi wofiira uja. Mpira ukamauluka umazunguliranso, ndipo woponyedwa mwamphamvu umazungulira maulendo oposa 2,000 pa mphindi imodzi. Misoko ya ulusi imakoka mpweya, moti mpweya umapatukira mbali imodzi ndipo mpira umakankhidwira mbali inayo. Ukamazungulira chobwerera m'mbuyo, sugwa msanga, ndipo womenya amaona ngati ukukwera, n'kumenya pansi pake. Ukamazungulira chopita kutsogolo umagwa mwadzidzidzi pafupi ndi bokosi, ndipo umenewo ndiwo curveball. Kwa zaka zambiri anthu ena ankati mpira sukhota, ndi maso chabe amene amanamizidwa. Mu 1959 wasayansi Lyman Briggs anayeza bwinobwino ku Washington n'kutsimikiza kuti umakhotadi.

Ndiye pali wina wodabwitsa, knuckleball, umene suzungulira pafupifupi n'komwe. Woponya amaukanda ndi zikhadabo n'kuukankha, moti mukhoza kuona misoko yake uli m'malere. Mpweya ukamagunda misokoyo mpira umagwedera, kupita uku, kubwerera uko, osadziwika kumene uthere. Wowakha amachita kuvala chikopa chachikulu kuposa cha masiku onse, ndipo amauphonyabe. Tim Wakefield wa Boston Red Sox ankauponya pa makilomita pafupifupi 105 pa ola, liwiro limene ana a sekondale ku America amaliposa. Phil Niekro anapambana nawo masewero 318 ndipo anasewera mpaka ali ndi zaka 48. Mu 2012 R.A. Dickey wa New York Mets anatenga nawo mphotho ya Cy Young. Chaka chomwecho Jamie Moyer, amene sankaponya knuckleball koma ankangodalira nzeru, anapambana masewero ali ndi zaka 49 ndi mipira yosafika makilomita 130 pa ola.

Koma musachoke pano mukuganiza kuti liwiro n'lopanda ntchito. Anthu ngati Maddux ndi Moyer timawatchula chifukwa ndi osowa. Woponya pang'onopang'ono akalakwitsa n'kuika mpira pakati pa bokosi, womenya amauthamangitsira kunja kwa mpanda. Woponya pa 160 akalakwitsa chimodzimodzi, nthawi zambiri amapulumuka, chifukwa womenya wachedwa. Ndiponso changeup imanamiza bwino ngati womenya akuopa mpira wothamanga. Matimu anaziona zimenezi m'ziwerengero zawo. Mu 2008 mpira wamphamvu mu ligi yaikulu unkathamanga pafupifupi makilomita 148 pa ola tikaphatikiza oponya onse, koma pofika 2024 unali utadutsa 151. Makilomita atatu akuoneka ochepa, koma kumbukirani kuti womenya alibe nthawi yotaya. Masiku ano mnyamata wodziwa kulunjika koma wopanda liwiro amavutika kuti ofufuza osewera amuyang'ane kawiri, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa masewerawa akutayapo kanthu.

Liwiro lilinso ndi mtengo wake, ndipo chimalipira ndi chigongono. Mphamvu yoponyera imachokera m'miyendo, n'kudutsa m'chiuno ndi pamsana, n'kukafika kumkono. Yonseyo imadutsa pa kamtsempha kakang'ono kamene kamalumikiza mafupa mkati mwa chigongono. Minofu ya m'miyendo mukhoza kuikulitsa ndi masewera olimbitsa thupi, koma kamtsemphaka sikakula mofanana nayo. Kakakokedwa mwamphamvu kambirimbiri kamayamba kutha, kenako kamaduka.

Kale kakaduka, ntchito yathera pomwepo. Mu 1974 kanaduka kwa Tommy John wa Los Angeles Dodgers, ndipo dokotala Frank Jobe anayesa chinthu chatsopano. Anachotsa mtsempha kumkono wamanja wa John, n'kuboola mafupa a chigongono chakumanzere, n'kuulowetsamo kuti ugwire ntchito ya woduka uja. John sanasewere chaka chonse cha 1975, koma atabwerera anapambana masewero ena 164, mpaka kusiya mu 1989 ali ndi zaka 46. Opaleshoniyo lero imadziwika ndi dzina lake, ndipo pafupifupi woponya mmodzi mwa atatu alionse mu ligi yaikulu anachitidwapo. Kuchira kwake kumatenga chaka kapena kuposerapo. Shohei Ohtani wa ku Japan, amene mu 2016 anaponya makilomita 165 pa ola kwawo asanapite ku America, chigongono chake chachitidwa opaleshoni kawiri, mu 2018 ndi mu 2023.

Madokotala ataona kuti ngakhale ana a sukulu ayamba kubwera ndi zigongono zowonongeka, bungwe la masewero a ana la Little League linakhazikitsa malamulo mu 2007. Pamasewero alionse pamakhala munthu wowerenga mipira imene mwana waponya. Wa zaka 9 kapena 10 saloledwa kupitirira 75 patsiku, ndipo wa zaka 11 kapena 12 malire ake ndi 85. Akafika pamenepo mphunzitsi amamutsitsa pakachulu, kaya timu ikupambana kaya ikuluza, kaya mwanayo akulira kuti sanatope. Ndipo amene waponya mipira 66 kapena kuposerapo amapuma masiku anayi athunthu asanaloledwe kuponyanso.