Mpikisano wa masheya woti wopambana sapita ndi kanthu kunyumba

Kumapeto kwa 2007, mpondamatiki wa ku America Warren Buffett adabetcherana madola 1 miliyoni ndi kampani ya Protégé Partners. Iye adati munthu wogula masheya a makampani 500 akuluakulu a m'dzikolo n'kungowasiya adzapindula kuposa wodalira akatswiri olipidwa. Pofika kumapeto kwa 2017 Buffett adapambana, koma sadatengeko ngakhale tambala. Ndalamazo, zomwe zidali zitaswana kupitirira madola 2 miliyoni, zidapita ku Girls Inc. ya ku Omaha, bungwe lothandiza atsikana.

Mipikisano yotere imakoma kwambiri ikakhala ya makampani ofufuza mankhwala ndi katemera, chifukwa mitengo yawo simachedwa kusintha. Mankhwala akavomerezedwa, sheya imatha kukwera tsiku lomwelo. Akalephera pa kafukufuku, imagwa chagada. Sheya ya Moderna, yomwe idapanga katemera wa Covid-19, inali pafupifupi madola 20 kumayambiriro kwa 2020, idadutsa madola 400 mu Ogasiti 2021, koma pofika kumapeto kwa 2024 inali pansi pa madola 50.

Kuno kwathu, pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre palibe kampani yamtunduwu. Chiyambire pomwe NICO idalowa pamsikawu mu 1996, omwe achuluka ndi mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH, kuphatikizapo makampani ngati Illovo, TNM, Airtel ndi Sunbird. Komabe awa ndi okwanira kuti aphunzitsi pa boma la Rumphi, a banki m'khonde ku Bolero kapena alimi a khofi ku Phoka ayambe mpikisano wawo.

Palibe amene amagula sheya yeniyeni. Aliyense amasonkha kangachepe kolowera, n'kusankha makampani atatu. Mlembi amalemba m'kaundula mitengo ya tsiku loyamba monga yatulukira m'nyuzi kapena pa intaneti, ndipo kusintha maganizo pakati panjira nkosaloledwa. Ofuna a katemera atha kuwonjezera Moderna kapena BioNTech. Chaka chikatha, amene masheya ake akwera kwambiri pa 100 iliyonse ndiye katswiri. Mphoto yake ndi kusankha komwe thumba lonse lipite: kwa odwala pa chipatala cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, kapena fizi ya mwana wamasiye wa m'mudzi. Msungichuma asakhale m'modzi mwa opikisana, ndipo risiti iwerengedwe pagulu.

Wopambana asadzimve ukatswiri msanga. Mu 2012, nyuzipepala ya The Observer ya ku Britain idapikisanitsa akatswiri a masheya, ana asukulu ndi mphaka wotchedwa Orlando, aliyense ndi mapaundi 5,000 apapepala. Mphakayo ankasankha poponya kachidole ka khoswe pa manambala, koma ndiye adapambana ndi mapaundi 5,542, akatswiri n'kutsalira pa 5,176.

Choncho kupambana papepala chaka chimodzi sichifukwa chothira ndalama zonse za fodya kapena za fetereza pa kampani imodzi. Wofuna kugula masheya enieni adzere kwa broka wovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo aikeko ndalama zokhazo zomwe banja silizifuna msanga. Pa mpikisano wapapepala, wogonja amangoluza kangachepe kolowera kaja, komwenso kamakagula sopo ndi shuga wa odwala.