Kumene Boma Limalipira Oyang'ana Nyenyezi

Chisanu cha ku Sutherland chinandikumbutsa kwathu. Amene munagonapo ku Bembeke mwezi wa Juni mukudziwa mmene zala zimakanira kumanga batani la malaya m'mamawa. Sutherland, katauni ka alimi a nkhosa m'chigawo cha Northern Cape kuno ku South Africa, n'chimodzimodzi, kungoti kulibe nkhungu yathu ija yofunda phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera. Masana kumwamba kuli mbee, usiku mdima uli bii. N'chifukwa chake anasankha chitunda cha kumeneko, chokwera pafupifupi mamita 1,800, kuti amangepo makina oonera zakuthambo otchedwa SALT, amene anatsegulidwa mu Novembala 2005. Diso la makinawo ndi magalasi 91 olumikizana ngati zisa za njuchi, m'mimba mwake pafupifupi mamita 11. Tsiku limene ndinapitako ndi anzanga a kuntchito, nditaima pansi pa chimphonacho, za nyenyezi sindinaganizeko n'komwe. Funso langa linali lachimudzimudzi: ndalama zake anatulutsa ndani, ndipo anamuuza chiyani kuti avomere?

Ndikulemba izi chifukwa cha mlongo wanga. Anandiimbira foni nati, "Achimwene, mwana wanu uja digiri ya sayansi wamaliza, koma angokhalira kupalira kachewere kudimba. Kumeneko akuti boma limalipira anthu ophunzira. Simungamuitanitse?" Monga mwini mbumba sindikanangoti tiona. Komanso si iye yekha wondifunsa. Ine si pulofesa. Ntchito yanga ndi yosamalira ndi kukonza zipangizo mu labotale ya yunivesite ina kuno ku Cape Town. Koma wotsuka mbale amadziwa bwino zimene anthu adya, ndiye ndifotokoze zimene ndaona.

Mphekesera ija ndi yoona, boma la kuno limalipiradi kafukufuku. Koma si nduna imene imadzuka m'mawa n'kusankha woti impatse. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa mabungwe, lililonse ndi lamulo lakelake, ndipo ndalama zimadzera m'menemo chaka ndi chaka kaya pampando pali ndani. Za migodi ndi miyala zili ndi Mintek ku Randburg, za ulimi ndi za umoyo zilinso ndi awoawo. Oyenera kuwadziwa bwino ndi awiri.

Loyamba ndi CSIR, lobadwa mu 1945 nkhondo yachiwiri itangotha, likulu lake ku Pretoria. Mtsogoleri wake woyamba, Basil Schonland, anali katswiri wofufuza za mphenzi. Bungweli lili ndi malabotale ndi mainjiniya akeake, ndipo boma limalipatsa gawo chabe la ndalama. Zambiri limazipeza lokha pogwira ntchito za makampani, maunduna ndi asilikali. Kumeneko Trevor Wadley anapanga makina otchedwa Tellurometer m'zaka za m'ma 1950, oyeza mtunda ndi mafunde a wailesi, amene oyeza malo padziko lonse anawalandira ndi manja awiri. Kumenekonso Michael Thackeray anagwira ntchito yaikulu pa mabatire a lithium, mtundu wa mabatire amene lero ali m'mafoni ndi m'magalimoto amagetsi. Koma tamverani mathero ake: mu 1994 Thackeray anasamukira ku America, ndipo mafakitale aakulu a mabatirewo anakamera ku Asia. Kutulukira chinthu n'kwina, kudyerera n'kwina. Anzanga a kuno akafika pa nkhani imeneyi amangopukusa mutu.

Lachiwiri ndi NRF, limene linayamba ntchito mu 1999. Ili ndiye nkhokwe. Wofufuza wa pa yunivesite amalemba zimene akufuna kufufuza, ndalama zimene zidzalowe, ndi ophunzira angati amene adzawasule m'zaka zimenezo. Zolembazo zimapita kwa akatswiri anzake, ena a kunja kwa dziko, kuti azisefe. Zikadutsa, ndalama sizilowa m'thumba mwake. Zimapita ku yunivesite, ndipo risiti iliyonse, ngakhale ya mawaya amene ine ndagula, imawerengedwa. Ofufuzawo nawonso amayesedwa pa sikelo: zilembo A, B ndi C kwa okhwima, P ndi Y kwa achinyamata olonjeza, ndipo pakatha zaka 6 amayesedwanso. Wa chilembo A ndi amene anzake padziko lonse amuvomereza kuti ali patsogolo pa phunziro lake. Ndaonapo nkhalamba ya imvi ikusowa tulo podikira chilembo chake ngati mwana wa Fomu 4 wodikira zotsatira za MANEB. Kuyambira 2006 kulinso mipando yapadera ya kafukufuku, imene pulofesa amapatsidwa ndalama za zaka 5 nthawi imodzi, zotha kuwonjezeredwa, kuti asamangokhalira kupemphetsa chaka chilichonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikufuna a kwathu mumvetse. Anthu a kuno si anzeru kuposa ana amene amatuluka ku sekondale ya Dedza ija ya Box 48 kapena ku Bunda. Ndagwira nawo ntchito, ndikudziwa. Chimene boma lawo limagula ndi nthawi. Limalipira munthu kuti adikire, alakwitse, ayambirenso, osathamangitsidwa ndi njala kapena chisankho chikubwerachi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanatiuze kuti wodekhayo amafunika kudya pamene akudikira.

Chitsanzo chake ndi madishi a ku Karoo. Taganizani dishi ya kanema ija ya padenga, koma yotambalala mamita 13.5, ndipo osati imodzi, 64, zitandandalika m'chipululu pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku tauni ya Carnarvon. Dzina lake ndi MeerKAT. Sayang'ana kuwala, amatchera khutu ku mafunde a wailesi ochokera ku milalang'amba yakutali kwambiri, mafunde ofooka moti foni ya m'manja imodzi itayatsidwa pafupi ingawamize onse. Choncho mu 2007, madishiwo asanamangidwe, nyumba ya malamulo inayamba yapanga lamulo loteteza bata la deralo. Kenako anamanga madishi 7 okha oyesera. Mu 2012 mayiko anagwirizana kuti makina aakulu kwambiri a mtundu umenewu, SKA, agawidwe pakati pa South Africa ndi Australia. MeerKAT anatsegulidwa mu Julaye 2018, ndipo ntchito yomanga SKA inayamba mu Disembala 2022. Madishi a kuno adzakwana 197. Werengani zaka zimenezo. Thabo Mbeki anachoka, Kgalema Motlanthe anadutsa, Jacob Zuma anabwera n'kupita, Cyril Ramaphosa analowa, ntchito osaima. Mwana amene anapatsidwa ndalama za sukulu ntchitoyi ikuyamba, lero ndi injiniya wa ntchito yomweyo.

Ndipo si madokotala a maphunziro okha amene amadyapo. Dishi iliyonse imafuna wowotcherera, wamagetsi, wolumikiza nthambo za intaneti, woyendetsa makompyuta osunga zimene madishi amva. Kwathu timalemekeza gauni n'kunyoza ovololo, chonsecho labotale yopanda amisiri ndi nyumba yosungiramo makina akufa.

Musaganize kuti onse akuomba m'manja. Boma linagula mafamu a nkhosa ozungulira madishiwo, malo amene mu 2020 anasanduka Meerkat National Park, ndipo alimi ndi antchito awo anadandaula za ntchito zotayika ndi za mafoni ovuta kugwira. Ena amafunsa, ndipo funso lake si lopusa, kuti dziko limene magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku mu 2023, dziko la achinyamata osowa ntchito miyandamiyanda, likufunanji ku milalang'amba. Mayiko ena asanu ndi atatu a mu Africa ndi abwenzi a ntchitoyi, kuphatikizapo anansi athu Zambia ndi Mozambique. Dzina la Malawi palibe pamndandandawo. Ndinauwerenga kawiri.

Kudikira kumene ndikukutamaku kumawotchanso ndalama. Boma ndi mabungwe ena anathira marandi oposa mabiliyoni 9 pa ntchito yopanga mtundu watsopano wa makina a magetsi a nyukiliya, PBMR, n'kuisiya mu 2010 popanda ngakhale babu limodzi loyaka. Galimoto yamagetsi yotchedwa Joule inaonetsedwa ku Paris, anthu n'kuchita nayo chidwi, koma kampani yake inatsekedwa mu 2012 isanagulitse ndi imodzi yomwe. Ndipo mbiri yakale ili ndi fungo lake. Mu Malichi 1993 F.W. de Klerk anaulula kuti boma la tsankho linapanga mabomba a nyukiliya 6 mwachinsinsi, n'kuwaphwasula. Sayansi ya nthawi imeneyo inali ya azungu, yotetezera azungu, ndipo gawo la misonkho imene inkaidyetsa linkachokera ku golide. Golideyo ankakumba ndani? Funsani nkhalamba za ku Linthipe ndi kwa Kasumbu zimene zinapita ku Joni pa Wenela, zina n'kubwerako ndi chifuwa, zina osabwerako, monga anthu athu oposa 70 amene anafera pa ngozi ya ndege ku Francistown mu Epulo 1974. Ndikamalowa m'malabotale akale a kuno sindidziona ngati wopempha. Koma maganizo amenewo sasintha lamulo la amene alandire ndalama.

Lamulolo ndi ili, ndipo mlongo wanga ndinamuuza mosapsatira. Pa ndalama zimene NRF imapereka kwa ophunzira a digiri zapamwamba, 95 pa 100 iliyonse ndi za nzika za South Africa ndi okhazikika mwalamulo. Zisanu zotsalazo ndi zimene Mmalawi amalimbirana ndi Mzimbabwe, Mnaijeriya ndi dziko lonse lapansi. Amafunanso kuti ukhale utakhoza ndi 65 pa 100 kapena kuposa, ndipo pali malire a zaka: 30 kwa wofuna masitazi, 32 kwa wofuna udokotala. Sindiwada nazo. Nkhokwe ndi yawo, ndipo ana awo akuda anatsekeredwa kunja kwa malabotale amenewa kwa zaka zambiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zipata zina zilipo. Mwa pangano la SADC la 1997, mwana wa ku Malawi amalipira fizi yofanana ndi ya mwana wa kuno, kupatula kandalama kowonjezera ka alendo. Pulofesa amene ali ndi ndalama za kafukufuku zochokera kunja amatha kutenga wophunzira amene wamukonda, kaya achokere kuti, choncho kalata yolembedwa bwino yopita kwa munthu mmodzi woyenera imaposa mafomu khumi. Ku Muizenberg, m'mbali mwa nyanja, kuli AIMS, sukulu ya masamu imene Neil Turok anayambitsa mu 2003, yotenga ana a mu Africa yense n'kuwalipirira zonse, chakudya ndi pogona pomwe. Koma chilichonse chimayamba ndi mapepala. Digiri ya kwathu iyenera kuyesedwa kaye ndi SAQA kuti aone pamene ikugwera pa makwerero a kuno, pakuti kuno digiri yoyamba ya sayansi ndi ya zaka 3, kenako chaka china chapadera, ndiye masitazi. Chitupa chophunzirira chimatengedwa usananyamuke. Wokwera basi pa chipata cha Dedza, kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndi chidindo cha masiku 30, akuyembekeza kuti zina akakonzera konkuno, amathera kutsuka magalimoto digiri ili m'chikwama. Ndawaona, ena ndagonekapo pabalaza panga.

Nthawi zina zipatso za kafukufuku wa kuno zimafika kwathu mwa njira yodabwitsa. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa, Sikhulile Moyo ndi Tulio de Oliveira pakati pawo, anazindikira mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid, Omicron, n'kuuza dziko mwachangu. Anatha kutero chifukwa makina ndi anthu owerenga chibadwa cha tizilombo analipo kale, osulidwa pa zaka zambiri zolimbana ndi Edzi ndi TB. Malipiro ake? Britain ndi America anatseka zipata zawo kwa mayiko a kummwera kwa Africa, Malawi yemwe.

Kwathu sikuti kulibe kalikonse. Lamulo la sayansi la 2003 linabala bungwe la NCST ku Lilongwe, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, Chitedze ndi Bvumbwe akhala akufufuza za mbewu kuyambira nthawi ya atsamunda. Ndipo pakhomo penipeni, ku Bembeke, pali siteshoni ya kafukufuku wa ulimi imene ambiri timaidutsa ngati munda wa boma chabe. Mitundu ya kachewere ngati Chuma, Thandizo ndi Zikomo sinagwe kumwamba. Inayesedwa nyengo ndi nyengo ndi ofufuza athu pamodzi ndi bungwe la mbatata la padziko lonse la ku Lima, ku Peru, kufuna yopirira chiwawu chimene chimapsereza minda nkhungu ikachuluka. Ntchito imeneyo ndi mbale weniweni wa ija ya ku Karoo: kuyeza, kulemba, kudikira. Kusiyana kwake n'kwakuti yathu kawirikawiri imayenda ndi ndalama za mlendo, zobwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu kapena zinayi. Mlendo ndi mame. Akanyamuka, galimoto imakhala pamiyala ndipo wofufuza amayamba kufunsa za basi ya ku Joni.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamuimbira ndekha Lamlungu lotsatira. Anayankha ali kudimba, mphepo ikuwomba mu foni. Ndinamuuza atenge zotsatira zake zonse ku yunivesite, zodindidwa, ndalama ya SAQA ndilipira ine, ndipo mafomu a AIMS tidzadzaza limodzi akatsegula. Ndinamuuzanso kuti pamene tikudikira, akwere njinga apite ku siteshoni ya Bembeke akafunse ngati angathandizeko kuyeza ndi kulemba, ngakhale kwaulere, kuti m'kalata yopita kwa pulofesa mukhale chinthu chimene manja ake anagwirapo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Chabwino amalume, koma ndipita Lachitatu. Mawa ndi mkuja tikukumba, ogula a ku Lilongwe abwera ndi lole."