ZA KUSUNGA PAKAMWA

M'nyumba iri yonse ya pamudzi muli mtsuko wa madzi, ndi pambali pace pali cikho cotungira. Mlendo akafika ndi ludzu, mai wa panyumbapo atenga cikho, natunga, nampatsa. Madziwo akakhala oyera, mlendo amwa nayamika. Akakhala amatope, mlendo sadzudzula cikho iai, pakuti adziwa kuti cikho cingotulutsa zimene ziri mumtsuko. Munthu angatsuke cikho kakhumi pa tsiku, koma madzi a mumtsuko akakhala oipa, cikhoco cidzaturuka nao oipa nthawi zonse.

Momwemonso munthu. Mtima ndiwo mtsuko, lilime ndilo cikho, ndi mau ndiwo madzi. Palibe munthu akhoza kusuzumira mumtima wa mnzace. Mulungu yekha ndiye aona m'menemo. Koma munthu akayamba kulankhula, anzace alawa zimene wasunga m'kati. Ici ndico cimene Ambuye Yesu anaphunzitsa Afarisi, monga ciwerengedwa pa Mateyu 12. Iye ataciritsa munthu wakhungu ndi wosalankhula, iwo anamnenera zamwano. Ndipo Ambuye anawaonetsa kuti mau ao sanagwe mwangozi, koma anacokera mumtima woipa. Nawacenjeza kuti tsiku la ciweruzo anthu adzafunsidwa ngakhale za mau acabe.

Pa 1 Samueli 25 pali mbiri ya mwamuna ndi mkazi wace, okhala m'nyumba imodzi, koma mitsuko yao inali yosiyana. Mwamunayo ndiye Nabala wa ku Maoni, munthu wolemera, wa nkhosa 3,000 ndi mbuzi 1,000. Masiku amenewo Davide anali kubisala m'cipululu cifukwa ca mfumu Sauli, ndipo anthu ace anacinjiriza abusa a Nabala usana ndi usiku, osawalanda ngakhale kamwana ka nkhosa. Itafika nyengo yosenga ubweya, ndiyo nyengo ya madyerero, Davide anatuma anyamata 10 kukalonjera Nabala mwaulemu ndi kupempha cakudya. Koma Nabala anawayankha monyoza, nayesa Davide kapolo wothawa mbuye wace, nawabweza manja ali zi.

Mau amenewo anali owerengeka, koma anatsala pang'ono kupululutsa mudzi. Davide anapsya mtima, nanyamuka ndi amuna 400 onyamula malupanga. Pamenepo mnyamata wina anathamangira kwa Abigayeli, mkazi wa Nabala, namuuza zonse. Kwa mbuye wace sanapite, pakuti Nabala anali munthu wosauzidwa kanthu. Abigayeli anafulumira kusenzetsa abulu mikate 200, nkhosa 5 zokonza kale, ndi zakudya zina, nakomana ndi Davide panjira. Anagwada pansi, nasenza yekha mlandu wa mwamuna wace, nakumbutsa Davide kuti tsiku limene adzakhala mfumu sadzafuna kukumbuka mwazi wokhetsa cabe. Davide anamva, nayamika Mulungu, nabwerera.

Nzeru ya Abigayeli inaonekanso pofika kwao. Anapeza Nabala ataledzera pamadyerero, ndipo sanamuuze kanthu kufikira m'mawa, vinyo atamcoka. Mkaziyu anadziwa conena, anadziwanso nthawi yoneneramo. Nabala atamva, mtima wace unauma ngati mwala, ndipo atapita masiku ngati 10 anamwalira. Dzina lace litanthauza citsiru, ndipo pakamwa pace panabvomerezana ndi dzinalo.

M'kalata wace, pa mutu 3, Yakobo afanizira lilime ndi tsigiro la ngalawa. Sitima yamoto yoyamba kuyenda pa Nyanja ya Malawi inali Ilala, imene inafika ndi amishoni a Livingstonia caka ca 1875. Sitima yotere ndi yolemera, ndipo mwera ukaomba, amuna ambiri pamodzi sangathe kuitembenuza ndi manja. Koma kumbuyo kwace, m'madzi, kuli kanthu kakang'ono, ndiko tsigiro. Kakapotoka pang'ono, sitima yonse ipotoka. Tsono tsigirolo silidziyendetsa lokha. Limvera dzanja la woyendetsa, ndipo sitima ikagunda mwala, afunsidwa mlandu ndi woyendetsayo. Cotero lilime limvera mtima.

Yakobo afaniziranso lilime ndi kamoto koyatsa nkhalango. Ici mwana ali yense wa pamudzi acidziwa. Mwezi wa October, udzu utauma, anyamata osaka mbewa ayatsa kamoto pamunda umodzi. Mphepo ikadzuka, motowo uoloka njira, nutentha udzu wofolera nyumba, mitengo, ngakhale nkhokwe. Amene anayatsa angalire misozi, koma sakhoza kuuitana kuti ubwerere.

Mjedo uyenda comweco. Mwana aona munthu ali kudutsa m'mbali mwa munda wa mwini madzulo, nauza mnzace kuti wamuona wakuti pacimanga. Mnzaceyo anena kucitsime kuti wakuti anathyola cimanga. Pofika mawa mudzi wonse uti wakuti ndi mbala, ndipo nkhani ifika pabwalo la mfumu. Mlandu ungathe, koma mabanja awiri aleka kupatsana moni ndi kupalana moto. Coopsya koposa ndico kunena nkhalamba kuti ndi mfiti. Mau amodzi amenewa apirikitsa agogo osacimwa pamudzi pao, ndi ena aphedwa nao. Cifukwa cace limodzi la Malamulo Khumi liletsa umboni wonama pa mnansi. Mbala yoba nkhuku ikhoza kubweza nkhuku ina, koma woononga dzina la mnzace adzabweza ciani?

Kapena wina adzafunsa za anthu a pakamwa pozuna amene mtima wao uli wowawa. Anthu otere alipo. Yudase analonjera Ambuye mwaulemu, nampsompsona, pomwepo ali kumpereka. Koma cinyengo cotere sicikhalitsa. Mtsuko wa matope ukakhala cikhalire, madzi a pamwamba aoneka oyera. Ukagwedezeka, matope abvunduka. Munthu adziwika bwino pa mau amene anena atapsya mtima, ataopa, kapena pamene ayesa kuti palibe wamkulu ali kumumva. Mwana wolankhula mofatsa pamaso pa aphunzitsi, natukwana ang'ono ace kubusa, mtima wace weniweni ndiwo wa kubusa.

Potero kutseka milomo kokha sikukwanira. Yakobo anena kuti anthu akhoza kuweta nyama zakuthengo, koma lilime lawakanika. Mankhwala ace ali mumtima, ndipo mbiri ya Petro iwonetsa ici. Usiku umene Yesu anagwidwa, Petro anamkana katatu, nayamba kutemberera ndi kulumbira, pakuti mumtima mwace munadzala mantha. Tambala atalira anakumbuka, naturuka kunja, nalira ndi kuwawa mtima. Ambuye ataukanso anamkhululukira. Ndipo pa tsiku la Pentekoste, atalandira Mzimu Woyera, Petro yemweyo anaimirira m'Yerusalemu nalalikira poyera, ndi anthu ngati 3,000 anabatizidwa. Lilime linali lomwelo; mumtsuko ndimo munalowa madzi atsopano.

Tsono mwana wofuna kusunga pakamwa pace ayambe ndi kusamala zimene athira mumtima. Wokhala pakati pa otukwana adzatukwana, ndi wokonda kumvera mjedo adzajeda. Woweruza mnzace mumtima masiku ambiri, tsiku lina adzamnyoza ndi pakamwa. Koma wowerenga Mau a Mulungu, napemphera m'mawa kuti Mulungu amyeretse m'kati, napempherera iwo amene amlakwira, adzapeza kuti mau aukali acepa okha.

Aphunzirenso kudekha, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Asananene za mnzace, adzifunse ngati anaona ndi maso ace, kapena anangomva. Adzifunsenso ngati akhoza kunena comweco mwiniyo alipo. Akapsya mtima, ayambe wakhala cete kufikira mtima utatsika. Ndipo akalakwa, asadzikanire kuti pakamwa panangoterereka. Apite kwa iye amene wamlakwira napepese, ndipo akakonze bodzalo pamalo pomwe analinenera.

Kusunga pakamwa sikuti munthu akhale ngati wosalankhula. Abigayeli akadakhala cete tsiku lija, amuna a m'nyumba yace akadatha. Pali nthawi yoyenera kunena zoona ngakhale ziwawa, kucenjeza mnzako wosocera, kutonthoza wamasiye, ndi kuima ndi iye amene anamiziridwa. Mulungu anapatsa munthu lilime kuti likhale cikho comwetsa aludzu. Ndipo mudzi umene ana ace atunga madzi oyera otere ukhala mumtendere.

MAFUNSO

1. Pa fanizo la mtsuko ndi cikho, mtsuko ndi ciani, ndi cikho ndi ciani?
2. Cifukwa ninji mnyamata uja anapita kwa Abigayeli, osati kwa Nabala?
3. Mjedo ufanana bwanji ndi moto wa kuthengo?
4. Cinasintha nciani mwa Petro pakati pa usiku uja ndi tsiku la Pentekoste?